Nyimbo ndi Mafilimu pa Moyo wa Ayuda

Mwa mitundu ya anthu imene inakhala zaka mazana ambiri m'mayiko a eni, Ayuda ndi amodzi mwa amene anadalira kwambiri nyimbo, ndipo kenako mafilimu, kuti adziwane ndi kukumbutsana kumene anachokera. Nyumba, munda ndi sunagoge zinkalandidwa tsiku limene mfumu kapena boma lawatembenukira, koma nyimbo inkapita ndi mwini wake kulikonse kumene wathawira. Filimu itafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 inawonjezera mphamvu ina: imene yajambulidwa ku Warsaw inkaonetsedwanso ku New York, ku Buenos Aires ndi ku Johannesburg, moti abale olekanitsidwa ndi nyanja ankalira ndi kuseka pa nkhani imodzi. Komabe nyimbo ndi mafilimuwa sizinangosunga za makolo mmene zinalili. Mu m'badwo uliwonse zinali bwalo limene Ayuda ankakambiranapo, nthawi zina mokangana kwambiri, za chimene ayenera kugwiritsitsa ndi chimene angachisiye.

Gwero la nkhaniyi lili m'chipembedzo. M'kachisi wa ku Jerusalem Alevi ankaimba ndi azeze, malipenga ndi zinganga. Aroma atagwetsa kachisiyo m'chaka cha 70, aphunzitsi a Chilamulo analetsa zida zoimbira pa mapemphero posonyeza kulira, ndiponso pa Sabata ndi pa masiku opatulika zidazi siziloledwa. Zimenezi zinachititsa kuti luso lonse lipite ku mawu a munthu. Malemba amawerengedwa moimba potsatira timizere tolembedwa pamwamba ndi pansi pa zilembo za Chihebri, ndipo wotsogolera mapemphero, wotchedwa hazzan, anakhala katswiri amene mpingo unkamunyadira. M'zaka za m'ma 1700 gulu la Hasidim, loyambitsidwa ndi Baal Shem Tov kudera limene lero ndi Ukraine, linabweretsa nigun, nyimbo yopanda mawu imene anthu amaibwereza mpaka mtima utafewa. Ayuda ena a ku Germany atalowetsa limba lalikulu m'masunagoge awo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, nkhaniyo inagawa mipingo, ndipo mpaka lero masunagoge a Orthodox salola chida chilichonse pa Sabata.

Malo amene zida zinapeza ufulu anali paukwati, chifukwa kusangalatsa mkwati ndi mkwatibwi ndi lamulo la chipembedzo. Kum'mawa kwa Ulaya, kumene Ayuda ankalankhula Chiyidishi, oimba paukwati ankatchedwa klezmer, ndipo dzinali pambuyo pake linakhala la nyimbo zawozo. Chiyidishi ndi chinenero chochokera ku Chijeremani chakale, chosakanikirana ndi Chihebri ndi zinenero za Asilavu, cholembedwa ndi zilembo za Chihebri. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe chinkalankhulidwa ndi anthu pafupifupi 11 miliyoni. Gulu la klezmer linkatsogoleredwa ndi vayolini, mothandizidwa ndi tsimbl, chida cha nsambo zambiri choimbidwa ndi timitengo, ndipo m'kupita kwa nthawi chitoliro cha clarinet chinatenga malo apatsogolo. Woimba waluso ankayesetsa kuti chida chake chimveke ngati hazzan: chizisisima, chiziduka mawu pakati, kenako chiziseka.

Ukwati wonse unkayenda ndi nyimbo. Panali nyimbo yolandirira alendo, yoperekezera akwati pansi pa kansalu kaukwati, ndiponso yoperekezera akuluakulu kwawo m'bandakucha. Mwambo wolemera kwambiri unali wokhazika mkwatibwi pampando ukwati usanadalitsidwe. Munthu wotchedwa badkhn ankamulankhula m'ndakatulo, kumukumbutsa makolo ake amene anamwalira ndi udindo umene akuulowa, vayolini akulira pansipansi, mpaka amayi onse atagwetsa misozi. Amene anakhalapo pa chilangizo cha ukwati kuno kwathu angauzindikire mwambo umenewu msanga. Misozi ikatha ankayamba magule monga freylekhs, sher ndi bulgar. Oimbawa sankalemekezedwa kwenikweni m'mudzi, popeza anali anthu oyendayenda, koma kuyenda komweko n'kumene kunalemeretsa nyimbo zawo. Ankaimbanso pa maukwati a Akhristu ndi m'nyumba za eni minda, ndipo ku Moldavia ankaimba limodzi ndi oimba a mtundu wa Romani. N'chifukwa chake klezmer ili ndi zambiri zochokera ku Romania, Ukraine, Poland ndi Turkey. Amene amafuna kupeza nyimbo ya Chiyuda yosakhudzidwa ndi anansi sadzaipeza.

Mu 1876 Abraham Goldfaden anayambitsa gulu loyamba la zisudzo za Chiyidishi lolipidwa mumzinda wa Iași ku Romania, ndipo masewero ake anali odzaza ndi nyimbo. Patangopita zaka zisanu, mfumu ya Russia Alexander II itaphedwa mu 1881, kunabuka zipolowe zopha ndi kubera Ayuda. Kuyambira pamenepo mpaka 1924, pamene America inakhwimitsa malamulo olowera m'dzikomo, Ayuda pafupifupi 2 miliyoni a kum'mawa kwa Ulaya anasamukira kumeneko. Ambiri anathera m'mafakitale osoka zovala ku Lower East Side mumzinda wa New York, ndipo madzulo ankadzaza nyumba za zisudzo za mu Second Avenue. Makampani a mbale za galamafoni anaona msika. Iwo anajambula akatswiri a clarinet awiri amene oimba a lero amaphunzirabe kwa iwo: Naftule Brandwein, woimba mwaukali, ndi Dave Tarras, amene anafika mu 1921, woimba mosalala ndi mwaulemu. Anajambulanso ahazzan monga Yossele Rosenblatt, ndipo pemphero linayamba kumveka m'chipinda chochezera pa tsiku wamba, chinthu chimene ena anachiona ngati kupeputsa zopatulika.

Mkangano umenewu unafika pa kanema mu 1927. Filimu ya The Jazz Singer, imene inatsegula nyengo ya mafilimu olankhula, imanena za mwana wa hazzan amene akusiya nyumba ya bambo ake kuti akaimbe nyimbo za m'mabwalo a zisangalalo. Pamapeto akuyenera kusankha pakati pa tsiku lotsegulira sewero lake ndi kuimba pemphero la Kol Nidre pa Tsiku la Chitetezo m'malo mwa bambo ake odwala. Al Jolson, amene anasewera mbaliyi, nayenso anali mwana wa hazzan wobadwira ku Lithuania, ndipo Rosenblatt akuonekamo akuimba. Filimuyi ili ndi chilema chosabisika: Jolson akuimba atadzipaka zakuda kumaso, mwambo wonyoza anthu akuda umene unali wofala ku America pa nthawiyo. Mwana wa obwera ankalowa m'gulu la azungu a ku America podzera m'chitonzo cha anthu ena oponderezedwa, ndipo mbiri yoona ya filimuyi iyenera kutchula zonse ziwiri.

N'zodziwika kuti makampani akuluakulu a ku Hollywood anayambitsidwa ndi Ayuda obwera kapena ana awo, monga Carl Laemmle, Adolph Zukor, Louis B. Mayer ndi abale a Warner. Koma iwo ankapanga mafilimu a anthu onse a ku America, ndipo kawirikawiri ankapewa nkhani za Ayuda poopa tsankho. Moyo wa Ayuda weniweni unaonekera m'mafilimu a Chiyidishi, opangidwa ndi ndalama zochepa, amene analipo oposa 100 pakati pa 1911 ndi 1950. Ku Soviet Union kunatuluka Jewish Luck mu 1925, yochokera pa nkhani za Sholem Aleichem, momwe munasewera Solomon Mikhoels. Nyengo yokoma kwambiri inali yaifupi, kuyambira 1936 mpaka 1939. Joseph Green, wochita zisudzo wobadwira ku Łódź amene ankakhala ku America, anabwerera ku Poland n'kupanga mafilimu anayi. Yoyamba, Yidl mitn fidl ya mu 1936, imanena za mtsikana amene akuvala zachimuna kuti aziyenda ndi bambo ake monga woimba klezmer. Molly Picon ndiye anasewera mtsikanayo, ndipo mbali zambiri zinajambulidwa m'tauni ya Kazimierz Dolny, Ayuda a komweko akuonekera pamsika ndi paukwati.

Chaka chotsatira Michał Waszyński anajambula Der Dybbuk, yochokera pa sewero la S. An-sky. Ndi nkhani ya lonjezo losweka: abambo awiri anapangana kuti ana awo adzakwatirana, mmodzi n'kumwalira, winayo n'kufunira mwana wake mwamuna wolemera. Mnyamata wokanidwayo akufa, ndipo mzimu wake ukulowa mwa mkwatibwi pa tsiku la ukwati. Filimuyi ndi yolemera kuposa zinzake zonse, chifukwa ili ndi mapemphero, magule a osauka oitanidwa paukwati ndi bwalo la milandu loitana wakufa kuti adzadandaule. Mawu a hazzan wotchuka wa ku Warsaw, Gershon Sirota, akumvekamo. Ku America, Edgar G. Ulmer anajambula Grine felder mu 1937 m'minda ya ku New Jersey, ndipo Maurice Schwartz anajambula Tevya ku Long Island. Imeneyi inatuluka mu December 1939, Germany italowa kale m'dziko la Poland.

Mafilimu amenewa ankabwerezabwereza nkhani zochepa: mayi wosiyidwa kumudzi akudikira kalata, mwana wochita manyazi ndi makolo ake, mtsikana wokwatiwa kunja kwa chipembedzo. Otsutsa ankati ndi ongofinya misozi, ndipo ambiri analidi otero. Koma nkhanizo zinali zimene mabanja ankakumana nazo, ndipo munthu wosoka malaya tsiku lonse ankafuna kuziona m'chinenero cha mayi ake. Si Ayuda onse ankakondwera nacho chinenerocho. Amene ankamanga dziko latsopano ku Palestine ankafuna Chihebri chokha, moti filimu ya Chiyidishi itaonetsedwa ku Tel Aviv mu 1930, anthu anachita zionetsero zoikana.

Kenako kunadza chiwonongeko. Boma la Nazi ndi olithandiza anapha Ayuda 6 miliyoni, ambiri mwa iwo olankhula Chiyidishi. Mwa Ayuda oposa 3 miliyoni a ku Poland anapulumuka pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse. Sirota anafera mu ghetto ya ku Warsaw, dera limene Ayuda anatsekeredwamo, mu 1943. Mordechai Gebirtig, kalipentala wa ku Kraków amene nyimbo zake zinkaimbidwa m'makomo ambiri, anaomberedwa mu 1942. Ngakhale m'malo otsekeredwawo anthu sanaleke kupeka nyimbo, ndipo Shmerke Kaczerginski, amene anapulumuka ku Vilna, anazisonkhanitsa n'kuzisindikiza mu 1948. Kumsasa wa Theresienstadt ana anachita sewero loimba la Brundibár la Hans Krása maulendo oposa 50. A Nazi anagwiritsa ntchito zimenezi ponamiza dziko: mu 1944 anakakamiza mkaidi Kurt Gerron kujambula filimu yoonetsa ngati Ayuda akukhala bwino kumeneko, ndipo ntchito itatha iye, Krása ndi ana ambiri anatumizidwa ku Auschwitz kukaphedwa. Nkhaniyi imakumbutsa kuti kamera ikhoza kukhala mboni, ikhozanso kukhala chida cha bodza.

Chotsala chinakanthidwanso ku Soviet Union. Mikhoels anaphedwa ku Minsk mu January 1948 molamulidwa ndi Stalin, nyumba yake ya zisudzo inatsekedwa chaka chotsatira, ndipo olemba otchuka a Chiyidishi anaomberedwa mu August 1952. Ku Poland filimu ya Undzere kinder ya mu 1948, momwe munasewera ana amasiye opulumuka, sinaloledwe kuonetsedwa. Ku America kunalibe wowaletsa, koma ana a obwera anasamukira m'madera atsopano, n'kumalankhula Chingelezi, ndipo pa maukwati awo ankafuna nyimbo za ku America ndi za ku Israel. Pofika m'ma 1960 klezmer inkaoneka ngati yatha.

Dziko lakalelo linabwerera kwa anthu ambiri m'Chingelezi. Sewero loimba la Fiddler on the Roof linatsegulidwa ku Broadway mu 1964, ndipo filimu yake ya mu 1971, yotsogoleredwa ndi Norman Jewison, inatchuka padziko lonse, Topol akusewera Tevye wogulitsa mkaka. Kwa mabanja ambiri a Ayuda imeneyi inakhala chithunzi cha agogo awo. Mtengo wake unali wakuti inafewetsa nkhani za Sholem Aleichem zimene inachokerako, n'kusiya anthu akuganiza kuti Ayuda onse a kum'mawa kwa Ulaya anali osauka a m'timidzi, pamene Warsaw, Vilna ndi Odessa kunali manyuzipepala, mabungwe a antchito, masukulu ndi zipani zotsutsana. Mafilimu a Holocaust, chiwonongeko cha a Nazi chija, anabwera pambuyo pake. Shoah ya Claude Lanzmann ya mu 1985, yotalika maola oposa 9, ilibe chithunzi chakale n'chimodzi chomwe. Ndi maumboni okhaokha, ndipo imayamba ndi Simon Srebnik akuimba m'bwato ku Chełmno, kumene asilikali ankamuimbitsa ali mwana. Schindler's List ya Steven Spielberg ya mu 1993 inafikira anthu ochuluka kwambiri, vayolini wa Itzhak Perlman n'kukhala liwu la chisoni chimenecho, ndipo bungwe limene Spielberg anakhazikitsa mu 1994 linajambula maumboni oposa 50,000.

Zimene zinapulumuka sizinapulumuke mwangozi. Pali anthu odziwika mayina amene anagwira ntchitoyo, ena mpaka kuvutika nayo. An-sky yemwe uja anayenda m'matauni a ku Volhynia ndi Podolia kuyambira 1912 mpaka 1914 akujambula nyimbo pa timiphika ta sera. Moisei Beregovski anapitiriza ntchitoyi ku Kyiv, ndipo anamangidwa mu 1950. Zimene anasonkhanitsa zinkaganiziridwa kuti zinatayika, mpaka zinapezeka mulaibulale ya Vernadsky Soviet Union itagwa, ndipo UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2005. Bungwe lofufuza za Chiyidishi la YIVO, lokhazikitsidwa ku Vilna mu 1925, linasamutsira ntchito yake ku New York mu 1940. Mu 1976 Sharon Pucker Rivo ndi Miriam Krant anapeza mafilimu a Chiyidishi okwana 30 kubanja la wopanga mafilimu Joseph Seiden, ndipo chimenechi chinali chiyambi cha National Center for Jewish Film ku yunivesite ya Brandeis. Mafilimu akale anali opangidwa ndi nitrate, imene imawola ndi kuyaka msanga, choncho kuwakonza ndi kuwaikira mawu omasulira inali ntchito ya zaka zambiri.

Nyimbo, komabe, siikhala ndi moyo m'laibulale. M'ma 1970 achinyamata a ku America amene ankaimba nyimbo za mitundu ina anayamba kufunsa za nyimbo za agogo awo. Gulu la The Klezmorim linayamba ku Berkeley mu 1975. Andy Statman ndi Zev Feldman anapita kwa Dave Tarras, yemwe anali atakalamba, n'kuphunzira kwa iye maso ndi maso. Hankus Netsky anayambitsa Klezmer Conservatory Band ku Boston mu 1980, ndipo Henry Sapoznik anatsegula KlezKamp mu 1985, msonkhano wa pachaka umene okalamba ankaphunzitsa achinyamata nyimbo, magule ndi chinenero. Chofunika kwambiri pa zonsezi chinali nthawi yake: aphunzitsi omaliza anali adakali moyo. Pakanadutsa zaka zina 15, bwenzi patatsala mbale zokha, ndipo mbale ya mphindi zitatu siingauze munthu kuti nyimboyo inkaimbidwa pa gawo liti la ukwati kapena kuti miyendo inkaponda motani. Kuchokera pamenepo klezmer inatenga njira zambiri. The Klezmatics, oyamba mu 1986, anaiphatikiza ndi jazz ndi nkhani za ufulu wa anthu, ndipo analandira mphoto ya Grammy chifukwa cha chimbale cha Wonder Wheel. Don Byron, katswiri wa clarinet wachikuda wa ku America, anatulutsa chimbale cha nyimbo za woimba wa Chiyuda Mickey Katz mu 1993.

Zonsezi ndi mbali imodzi chabe ya banja. Ayuda othamangitsidwa ku Spain mu 1492 anatenga chinenero cha Chiladino n'kupita nacho ku Salonika, Istanbul ndi Sarajevo, ndipo nyimbo zake zinasungidwa makamaka ndi amayi, kukhitchini, pa ukwati ndi pogoneka ana. Flory Jagoda wa ku Bosnia anaziphunzira kwa agogo ake aakazi n'kukaziphunzitsa ku America. Ku Aleppo ndi ku Morocco amuna ankadzuka usiku wa Sabata m'nyengo yozizira kukaimba ndakatulo za Chihebri pa maimbidwe a Chiarabu. M'mayiko a Aluya, Ayuda anali pakati penipeni pa nyimbo ndi mafilimu a dziko lonse. Ku Baghdad abale awiri, Saleh ndi Daoud al-Kuwaity, anapeka nyimbo zimene anthu a ku Iraq amaimbabe. Ku Egypt Togo Mizrahi wa ku Alexandria anali mmodzi mwa oyambitsa ntchito ya mafilimu, ndipo Leila Murad, wobadwira m'banja la Chiyuda koma amene analowa Chisilamu, anali nyenyezi ya m'badwo wake. Ngakhale ku India akazi otchuka a m'mafilimu oyambirira, monga Sulochana ndi Pramila, anali Ayuda.

Dziko la Israel litakhazikitsidwa mu 1948, ndi nkhondo ndi udani zimene zinatsatira, moyo umenewu unaduka. Ayuda oposa 100,000 anachoka ku Iraq mu 1950 ndi 1951. Abale a al-Kuwaity anakapezeka akugulitsa m'kasitolo ku Tel Aviv, m'dziko limene nyimbo zawo zinkamveka ngati za adani, pamene kwawo mayina awo analeka kutchulidwa pa wailesi. Ku Algeria woimba wa Chiyuda Cheikh Raymond anaphedwa ku Constantine mu 1961, ndipo Ayuda a mumzindawo anayamba kuchoka. Ku Israel wailesi ya boma kwa zaka zambiri inkapereka mpata wochepa kwa nyimbo za Ayuda ochokera m'mayiko a Chisilamu, choncho zinafala pa makaseti ogulitsidwa pa siteshoni ya mabasi ya ku Tel Aviv, ndipo m'menemo munatuluka woimba Zohar Argov. Filimu ya Sallah Shabati ya mu 1964 inaseka akuluakulu a boma, koma inasekanso obwerawo mowaonetsa ngati mbuli. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Ofra Haza anatulutsa nyimbo za makolo ake a ku Yemen mu 1984 ndipo zinamveka kunja, ndipo Dudu Tassa, mdzukulu wa Daoud al-Kuwaity, anajambulanso nyimbo za agogo ake m'Chiarabu. Ku Morocco, mzinda wa Essaouira umakhala ndi chikondwerero cha nyimbo za ku Andalusia chimene Asilamu ndi Ayuda amaimbira limodzi. Ku Uganda nako, Abayudaya a kufupi ndi Mbale amaimba Masalimo m'Chiluganda ndi m'Chihebri, ndipo chimbale chawo cha mu 2003 chinapikisana nawo pa mphoto ya Grammy.

Masiku ano malo amene zonsezi zimakumana ndi zikondwerero za mafilimu ndi nyimbo. Chakale kwambiri mwa za mafilimu ndi cha ku San Francisco, choyambitsidwa ndi Deborah Kaufman kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Cha ku New York chinayamba mu 1992, cha ku Britain chinayambira ku Brighton mu 1997, cha ku Atlanta mu 2000, ndipo mizinda yambiri yokhala ndi Ayuda ochulukirapo ili ndi chake. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi anthu odzipereka: kusankha mafilimu, kubwereka holo, kuitana wopanga filimu kapena wopulumuka kuti adzayankhe mafunso chionetsero chikatha. Kufunika kwake kwagona pa mfundo yakuti Ayuda ambiri a lero sapita kusunagoge kawirikawiri. Ena anakwatira kunja kwa chipembedzo, ena sakhulupirira n'komwe, koma safuna kusiyana ndi mtundu wawo. Holo ya kanema siifunsa munthu ngati amasunga Sabata kapena ngati mayi ake ndi Myuda, ndipo mnansi wa chipembedzo china amalowanso pa khomo lomwelo.

Khomo lotseguka chonchi limalowetsanso mikangano. Waukulu ndi wa Israel ndi Apalestina. Mu 2009 chikondwerero cha ku San Francisco chitaonetsa filimu ya Simone Bitton yonena za Rachel Corrie, mtsikana wa ku America amene anafera ku Gaza, kunabuka mkangano woopsa pakati pa Ayuda okhaokha, ena opereka ndalama n'kubwerera m'mbuyo. Mu 2014 nyumba ya zisudzo ya Tricycle ku London inakana kulandira chikondwerero cha ku Britain chifukwa cha thandizo lochokera ku ofesi ya kazembe wa Israel, kenako inasintha maganizo. Palinso dandaulo lakuti mafilimu a Holocaust amachuluka kwambiri moti mwana angaganize kuti mbiri ya mtundu wake ndi imfa yokha. Dandauloli lili ndi maziko. Chikondwerero chabwino ndi chimene chimaonetsanso maukwati, nthabwala ndi mikangano ya m'banja ya anthu amene anaphedwawo, chifukwa wosadziwa mmene ankakhalira sangamvetse kukula kwa chimene chinatayika.

Funso lina ndi la mwini nyimbo. Chikondwerero cha chikhalidwe cha Chiyuda cha ku Kraków chinayambitsidwa mu 1988 ndi Janusz Makuch ndi Krzysztof Gierat, amene si Ayuda, mumzinda umene nkhondo isanayambe pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi anali Myuda. Lero chimasonkhanitsa anthu zikwizikwi m'dera la Kazimierz, ambiri a iwo Apolishi. Ku Germany nako kuli magulu ambiri a klezmer a anthu osakhala Ayuda. Ruth Ellen Gruber anafufuza zimenezi m'buku lake la mu 2002 lotchedwa Virtually Jewish. Ena amaona kuti ndi malonda ochitikira pamanda, ndipo malesitilanti ena okopa alendo amapereka chifukwa choganizira choncho. Koma pamene oimba akuphunzira chinenero ndi mbiri mwakhama, monga zimachitikira ku Yiddish Summer Weimar, ntchitoyo ndi yolemekezeka, ndipo ku Poland yathandiza anthu amene mabanja awo anabisa Chiyuda chawo kuti abwere poyera.

Chodabwitsa n'chakuti amene amalankhula Chiyidishi tsiku ndi tsiku lero, a Hasidim a ku Brooklyn, Antwerp, Stamford Hill ku London, Bnei Brak ndi Jerusalem, kawirikawiri sapita kokaonera kanema ndipo sapezeka pa zikondwerero zimenezi. Ali ndi oimba awo ndi maukwati awo aakulu, ndipo malamulo awo salola mwamuna kumvetsera mkazi akuimba. Chifukwa cha ichi ku Israel kuli mafilimu opangidwa ndi akazi, oonetsedwa kwa akazi okhaokha. Mafilimu ochepa adutsa malire amenewa, monga Fill the Void ya Rama Burshtein ya mu 2012 ndi Menashe ya mu 2017, yojambulidwa m'Chiyidishi ku Borough Park. Kumbali inayo, Fiddler on the Roof itachitidwa m'Chiyidishi ku New York mu 2018, motsogoleredwa ndi Joel Grey, ambiri mwa osewera anachita kuphunzira mawuwo chifukwa cha seweroli, ndipo oonerera ankawerenga kumasulira kwake m'Chingelezi ndi m'Chirasha.

Chiyidishi tsono chili ndi malo osungira zakale, masukulu ndi ana obadwa akuchilankhula. Nyimbo za Chiladino ndi za Ayuda olankhula Chiarabu zilibe mwayi wofanana nawo, chifukwa zinenero zake sizikuperekedwanso kwa ana m'makomo ambiri, ndipo kumeneko n'kumene ojambula mafilimu, oimba ndi okonza zikondwerero ayenera kufulumirako. Mwana amene anachoka ku Baghdad mu 1951 ali ndi zaka 10 lero wadutsa zaka 80.